Mphete ya Palani pa Mwendo wa Azakhali

Palani anatera pa chilumba cha Molokai ngati mvula ya mkuntho. Kandege kaja konyamula anthu ochepa anakabwereka konse: iye kutsogolo pafupi ndi woyendetsa, kumbuyo alendo ake a ku Japan, pakati pawo keke yaikulu ngati chitseko yogulidwa ku Honolulu m'mawa womwewo. Phazi lisanaponde pansi, mawu ake anali atafika kale pampanda pamene msuweni wake Nohea ankadikira.

"Msuweni! Tandiyang'ana bwino! Ukuona munthu apa, kapena ukuona nyumba yosanja?"

"Ndikuona mimba," anayankha Nohea. "Mwini wakeyo akubwera pa ndege ina?"

Palani anaseka mpaka mbalame zinauluka pa udzu wa bwalo la ndege. Anamunyamula Nohea m'mwamba, n'kumuzunguza, kenako n'kumuonetsa kwa alendo ngati nsomba imene wawedza yekha.

Munthuyu anali ndi chifukwa chodzitamira, tisamunamizire. Anachoka pachilumbapa ali mnyamata, atavala mapatapata osiyana mitundu. Anatsuka mbale ku Honolulu, anasenza matumba a simenti ku Guam, anaundana ndi chisanu pa sitima ya asodzi ku Alaska. Pa sitimayo m'pamene mwayi unamupeza. Asodzi akaweruka mapewa ali gwa, Palani ankawagoneka pa benchi n'kuwasisita monga anaonera kwa azakhali ake. Imeneyo ndiyo lomilomi, kusisita thupi kwa makolo athu, kwa mafuta a kokonati, zikhatho ndi mikono yomwe, kumene kumamasula mnofu ndi mtima pamodzi. Amuna aukali ngati shaki ankadzuka pa benchipo misozi ili chuchuchu. Tsopano Palani anali ndi nyumba zosisitira anthu m'mahotela a ku Waikiki, ku Las Vegas ndi ku Osaka, antchito ovala zoyera mbee, ndipo pachala chake panali mphete yagolide ya mutu wa ngodya zinayi, yolemera ngati chidindo cha boma. Pakhoma la nyumba iliyonse panapachikidwa chithunzi cha Azakhali Makanoe, mlongo wa malemu bambo ake, atavala nkhata ya maluwa.

Chinthu chimodzi chokha analibe. M'banja lawo muli pemphero limene wosisita amanena chamumtima manja asanakhudze munthu. Sililembedwa, silinenedwa pagulu. Limachoka m'kamwa mwa wamkulu kulowa m'khutu la munthu mmodzi yekha pa m'badwo uliwonse. Azakhali analilandira kwa bambo awo, ndipo tsopano anali atakalamba kwambiri asanalipereke kwa aliyense. Mwana wawo wamkulu, Iokepa, anali msodzi wa manja okhakhala ngati mwala wa m'nyanja. Nohea, mwana wawo wamkazi, anakana kalekale, amvekere manja ake ndi a chiwongolero cha basi ya ana asukulu basi. Ndiye pamene Azakhali anaimba foni n'kunena kuti, "Iwe Kamimba, ubwere ku phwando la kubadwa kwanga, ndikufuna kumva manja ako," Palani anadziwa kuti nthawi yakwana. Tsiku lomwelo anauza antchito onse. Anauzanso anzake a malonda a ku Osaka kuti abwere adzaone ndi maso awo mwini lomilomi weniweni akulandira cholowa.

Chimene sanauze munthu n'chakuti manja akewo anali atatha zaka zambiri osakhudza msana wa aliyense. Ankagwira chanza, ankaloza, ankasayina. Koma kodi nsomba imaiwala kusambira?

Phwando linali pabwalo la nyumba ya Azakhali, kum'mawa kwa chilumba, pansi pa tenti yaikulu. Nkhumba inafukulidwa m'dzenje ikutuluka nthunzi, nyama ikusiya yokha mafupa. Panali poi, phala la mizu ya koko yosinja, nsomba zaziwisi zosakaniza ndi ndere za m'nyanja, nyama ya gwape yofutsa, mpunga wosati masewera. Amalume ena ankaimba tigitala, azimayi achikulire n'kumadzuka kuvina ndi manja. Azakhali anakhala pampando wa nsungwi, nkhata za maluwa zitawafika m'makutu, akudandaula kuti anthu onsewa awaphonyetsa masewera omenyana a pa TV.

"Lero akumenyana wa ndevu uja ndi wa chigoba kumaso," anatero Azakhali pamene Palani anagwada kuwapsompsona. "Ine ndakhala pano ngati manda a munthu wolemera. Iwe Kamimba, wanenepa bwanji?"

"Ndi madalitso anu, Azakhali!"

"Madalitso anga alibe mafuta chonchi."

Dzina la Kamimba analipeza ali khanda, pamene m'mimba mwake munatembenuka, iye n'kumalira usana ndi usiku, Azakhali n'kumusisita kamimbako ndi zala ziwiri mpaka anagona. Palibe wina padziko lapansi amene akanamutchula choncho.

Azakhali anamukoka kolala, natsitsa mawu. "Alendo akabalalika ubwere kuchipinda. Mwendo wamanzerewu ukundilemera. Udzaugwire."

Palani anadzuka msanga. Si mayeso ake amenewa? Anayang'ana tenti yodzaza ndi anthu, anayang'ana alendo ake atanyamula mafoni m'manja, ndipo anaona kuti mayeso ngati amenewa kuwachitira kuchipinda, kopanda mboni, n'chimodzimodzi kuotcha nkhumba yonse n'kuidya wekha kumdima.

"Kuchipinda kukatani, Azakhali? Dziko lonse lili pompano!"

Analanda chimkuzamawu kwa amalume a kagitala. Anauza anthu za Alaska, za kalonga wina wa ku Arabia amene anamupempha kuti asamuke naye, za dokotala wa ku Germany amene anagwetsa magalasi ataona manja ake akugwira ntchito. Zina zinali zoona. Kenako anaitanitsa mpando wina, nanyamula mwendo wa Azakhali n'kuusanjika pamenepo, nakwinyira diresi lawo lalitali mpaka m'bondo.

Nohea anabwera mofulumira, mbale ya mpunga ili m'manja. "Asuweni, taimani kaye. Amayi masiku ano akumwa..."

"Msuweni, iwe ukamayendetsa basi ine ndimakuuza pokhota?"

Anthu anaseka. Nohea anayang'ana amayi ake. Azakhali anapukusa mutu pang'ono chabe, kumuuza kuti asiye.

Palani anathira mafuta m'zikhatho, nakweza manja kumwamba, nafuula mawu okoma aja amene antchito ake amanena m'mahotela, a mtendere ndi chikondi ndi mafunde. Kenako anagwira katumba wa Azakhali. Mwendowo unali wopepuka, khungu lofewa ngati pepala lonyowa, koma iye maso anali ku mafoni.

"Taonani! Ku Sweden amasisita ngati akupukuta tebulo. Ku Thailand amakupinda ngati mpando. Ife timalowa mkati! Mpaka pafupa!"

Womasulira anamasulira. Alendo anagwedeza mitu. Palani anakanikiza ndi zala, anatsetsereka ndi mkono kuchokera pakakolo mpaka pabondo, anabwerera, anazika chigongono. Thukuta linatsika. Ankamva ngati wabwerera pa sitima ija, ali mnyamata, pansi pake pali msana wa msodzi wonga chitseko cha chitsulo. Atamaliza anatambasula manja ngati woimba, ndipo tenti yonse inawomba m'manja.

"Mwamaliza?" anafunsa Azakhali.

"Ndamaliza! Mwendo watsopano, wa mtsikana!"

"Zikomo, bambo."

Anatsitsa okha diresi lawo. Palani anamva kuti anamutchula bambo, osati Kamimba, ndipo anakondwa. Anati m'mtima mwake ulemu wayamba kale.

M'mawa mwake anasiya alendo kuhotela akudya mapapaya, nawalonjeza kuti madzulo adzawafotokozera zonse zimene zimaloledwa kufotokoza. Anavala malaya oyera, nayendetsa galimoto yobwereka mumsewu wa m'mbali mwa nyanja akuimba mluzu. Asanazimitse injini anamva mawu a Iokepa pakhonde.

"Ntchito yako m'nyumba muno n'chiyani? Ukudya pano, ukugona pano, chimene tinakupempha n'chimodzi chokha!"

Nohea anali atakhala pa masitepe, akadali ndi zovala za dzulo, maso ofiira. 

"Chachitika n'chiyani, achimwene?" anafunsa Palani.

"Amayi agwa m'bafa. Akuti dzulo madzulo, uyu ali kalikiliki kuvina ndi kulongedza nyama yotsala. Mwendo wonse wada bii. Namwino wabwera m'mawa uno, wati fupa lili bwino, koma ndi mankhwala osungunula magazi amene akumwawa, tsiku lina tidzawatola atauma. Ine ndatopa. Ndaimba kale foni ku nyumba yosungira okalamba ku Honolulu. Kumeneko kuli anthu odziwa kuyang'anira munthu."

"Mankhwala otani?"

"Osungunula magazi. Ukangowatsina pang'ono, khungu limada ngati wawamenya ndi mpini."

Palani anakumbukira mawu a Nohea a dzulo aja, koma pakamwa pake panali patazolowera kuthamanga pasadakhale. "Aa, msuweni, nawenso! Munthu wamkulu amasiyidwa yekha m'bafa? Musadandaule, achimwene, ndiitanitsa zitsulo zogwirira, za ku Japan, zosachita dzimbiri. Bafa lonse tiliphwasula."

Nohea anadzutsa mutu. Anamuyang'ana nthawi yaitali, osati kumaso, koma padzanja lamanja.

"Lowani mukawaone, asuweni," anatero. "Inu ndinu odziwa miyendo."

Palani anavula nsapato pakhomo nalowa. Azakhali anali pabedi, TV ikulankhula motsitsa, mwendo utasanjikidwa pa mtsamiro, utafundidwa kansalu.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mwamva za uchitsiru wanga? Ndaterereka pa sopo ngati mwana."

"Ndione, Azakhali."

"Palibe choona. Mwendo wa nkhalamba."

Palani anavundukula kansaluko. Kuyambira pakakolo mpaka pabondo mwendo unali wakuda, mwina mofiirira, mwina mobiriwira, wotupa ngati mkate. Koma sopo alibe zala. Pa katumba panali mizere inayi yoyandikana, ndipo pa mzere wachitatu, pamene khungu linanyuka pang'ono, panadindika kabokosi ka ngodya zinayi, kooneka bwino ngati kojambula ndi cholembera. Pamwamba pake panali kena. Pafupi ndi bondo kenanso.

Palani analowetsa dzanja m'thumba.

"Bafa limeneli n'loipa," anatero Azakhali, maso ali pa TV. "Lili ndi makona ambiri."

Palani anafuna kulankhula. Munthu amene analankhulapo pamaso pa mabwana a mahotela m'mizinda itatu anatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka n'chakuti, "Ndikupita ku tauni kukaona zitsulo zija." Anadutsa pakhonde osayang'ana Nohea, navala nsapato mopondera kumbuyo, nathawa.

Ku tauni ya Kaunakakai sanalowe m'sitolo iliyonse. Anayendetsa galimoto mpaka kumapeto kwa doko lalitali la kumeneko, pamene msewu umathera m'madzi, nazimitsa injini. Anakoka mphete. Inakana. Anailavulira malovu, anaipotokola, anaikoka ndi mano. Chala chinali chitanenepa mozungulira mpheteyo ngati mtengo umene wameza waya.

Foni inalira. Anali mmodzi wa alendo aja, atamutumizira kanema wa dzulo ndi timitima tambirimbiri. Palani anautsegula, mwina pofuna kudzitonthoza. Anadziona yekha, wamkulu, wonyezimira, mano onse panja. Kenako anayang'ana pakona ya chithunzi, pamene dzulo sanayang'anepo n'kamodzi komwe. Nkhope ya Azakhali inali pakati pa maluwa, milomo italumidwa, maso otseka. Zala zawo zinagwira nsungwi za mpando mpaka mfundo zinayera. Pamene chigongono chake chinazika, phazi lawo linanjenjemera ngati nsomba yogwera pamchenga. Sanalire. Sakanachititsa manyazi mwana wa mlongo wawo pamaso pa alendo ochokera kutsidya la nyanja. Kumbuyo kwawo Nohea anaima ndi mbale ya mpunga, atatembenuzira nkhope kumbali.

Anauonera kachiwiri. Kachitatu analephera.

Sikuti sankadziwa. Chimene chinamuwawa kwambiri n'chimenecho. Ali mwana, asanalemere, Azakhali ankamukweza pamisana ya amalume obwera kumunda kuti awaponde ndi timapazi take, iwo atamugwira dzanja. Atakula pang'ono ankamukhazika pakona kuti azionera. Munthu asanagone pamphasa, Azakhali ankavula ngakhale kamphete kawo ka ukwati n'kukaika m'chikho. Ankasamba m'manja. Ankafunsa: wadya chiyani, ukumwa mankhwala anji, wakangana ndi ndani. Akamva kuti pali mkangano, ankaitanitsa onse okhudzidwa, chifukwa ankati mnofu sumasuka mtima uli womanga, ndipo nkhani iyenera kutha dzuwa lisanalowe. Kenako ankatseka chitseko, natseka pakamwa, naika manja pamunthu osakanikiza, kudikira kuti thupi liwalole kulowa. Zonsezi Palani anazilembetsa m'timabuku tokongola ta m'mahotela ake. Dzulo sanachitepo ngakhale chimodzi.

Akanatha kungokhala chete. Azakhali anali atamupatsa kale bodza labwino, lomangidwa bwino, loti angolinyamula n'kukwera nalo ndege. Mwinanso pempherolo akanamupatsabe, chifukwa panalibe wina. Koma bodzalo linali litagwera pamutu pa Nohea, ndipo linali pafupi kunyamula Azakhali kukawaika m'chipinda cha ku Honolulu, kumene zenera limayang'ana khoma la nyumba ina. Anakhala m'galimotomo mpaka malaya oyera aja ananyowa. Asodzi awiri anadutsa, namuzindikira.

"Si bwana Palani awa? Dzulo munationetsa zinthu! Mkazi wanga akuti nanenso ndikaphunzire."

Palani anamira pampando ngati kamba.

Dzuwa litapendeka, litayamba kufiira pamwamba pa madzi, analiza injini.

Anawapeza onse kuchipinda. Iokepa anali ataima pafupi ndi zenera, akufotokozera amayi ake za ubwino wa malo aja: chakudya katatu, anamwino usana ndi usiku, TV yaikulu. Azakhali ankayang'ana kudenga. Nohea ankapinda zovala zimene zinali zopinda kale.

"Zitsulo zili kuti?" anafunsa Iokepa.

Palani anapita molunjika kwa Azakhali. Anagwada pambali pa bedi, maondo akulira, navundukula kansalu kaja. Anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika pambali pa mikwingwirima, chala chilichonse pafupi ndi mzere wake, mphete pafupi ndi kabokosi.

"Achimwene, tabwerani muone."

Iokepa anawerama. Anayang'ana mwendo, anayang'ana dzanja, anayang'ananso mwendo. 

"Azakhali sanagwe," anatero Palani. Mawu ake anatuluka aang'ono, iye mwini sanawazindikire. "Ndine. Sindinavule mphete. Sindinafunse. Nohea anafuna kundiuza za mankhwala, ine ndinamusandutsa choseketsa pagulu. M'mawa uja ndinaona, ndinadziwa, ndinathawa. Ndinamudzudzulanso pakhonde paja ndikudziwa kale theka lake."

"Iwe," anatero Iokepa. Khosi lake linatupa. "Iwe galu wa ku Vegas. Amayi anga wawakanda ngati ufa wa buledi kuti anthu akujambule? Ndipo ine tsiku lonse ndakhala ndikulalatira mlongo wanga?"

"Ndimenyeni, achimwene."

"Ndikumenye kuti upepukidwe? Ayi. Khala nazo."

"Mwatha?" anatero Azakhali. Anadzikoka n'kutsamira pamtsamiro. "Bodza langa labwinobwino, ndalikonza usiku wonse, ndaikamo ndi sopo yemwe, iwe wangobwera n'kuliphwanya. Chilichonse chimene wagwira sabata ino ukuphwanya."

"Amayi," anatero Nohea, "bodza lanu labwinolo linali pamsana panga."

 Azakhali anatambasula dzanja. "Zoona. Ndinateteza wa kutali, ndinaponda wa pafupi. Bwera kuno, mwanawe. Undikhululukire."

Nohea anakhala pabedi. Iokepa anakanda kumutu, nayang'ana panja pamene dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza madzi, nang'ung'udza kuti nayenso analankhula zambiri, ndipo foni ya ku Honolulu ija aimbanso mawa kuwauza kuti asiye.

"Sindinamve, achimwene," anatero Nohea.

"Ndati pepa! Ufuna ndilembe pa basi yako?"

Palani anali chigwadire. Anatembenukira kwa Nohea, koma maso anakana kukwera kupitirira maondo ake. "Msuweni, ndilibe mawu."

"Mulibe mawu? Inu? Achimwene, thamangani mukaitane namwino uja, asuweni adwala."

Nohea anaseka pang'ono, akupukuta m'maso. Sanati wakhululuka, koma anapita kukhitchini n'kubwera ndi botolo la mafuta a kokonati. Anathira pachala cha Palani, nakoka mphete. Inakana. Iokepa anatulutsa chingwe cha mbedza m'thumba, nachilowetsa pansi pa mpheteyo, nakulunga chala mothina kwambiri kuposa mmene zinafunikira.

"Zikuwawa?"

"Eya."

"Zabwino. Ife timalowa mpaka pafupa."

Mphete inatsetsereka pang'onopang'ono, kenako inagwa pansi n'kugubudukira kunsi kwa bedi. Palibe anaitola. Pachala panatsala mzere woyera, wopyapyala, ngati chala cha munthu wina.

 Palani anali ndi funso, ndipo anachita manyazi kuti likadalipo, koma Azakhali analiona.

"Ukufuna kudziwa za pemphero."

Palani anagwedeza mutu.

"Ndinati ndikufuna kumva manja ako. Ndawamva. Anthu onse awamva, mpaka ku Japan." Analoza mwendo wawo. "Ndikanakupatsa lero m'mawa. Ndinali nditasankha kale, kuyambira uli ndi timapazi tija. Koma pemphero limenelo ndi lopempha chilolezo, ndipo iwe sunapemphepo chilolezo kwa munthu chichokere pano. Ndikakupatsa lero, mawa lili pakhoma la hotela, pansi pa chithunzi changa chonenepa chija. Sindikupatsa."

Palani anaweramitsa mutu. Anali akuyembekezera zimenezo, komabe zinalowa ngati mbedza.

"Ndiye lipita kwa ndani, Azakhali?"

"Mwina kumanda. Si loyamba kupita kumeneko. Alendo ako ukawauza chiyani?"

"Zimene zachitika."

"Adzakuseka."

"Adzaulutsa ndi kanema yemwe."

"Chabwino. Nohea, kathyole masamba a mtengo wa noni kuseri, uwawambe pamoto pang'ono. Osapsereza ngati nsomba zako zija."

Masamba anabwera ofunda, onyezimira, akununkha fungo loipa. Nohea anafuna kuwaika yekha, koma Azakhali analoza Palani ndi chibwano.

"Mwendo uwu susisitidwa mpaka utachira. Ukungofuna tsamba ndi dzanja pamwamba pake. Dzanja lopanda nzeru, lopanda nkhani. Ungathe?"

Palani anapita kukasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, mpaka m'zigongono. Atabwerera anakhala pansi, mimba ikumupinga, natenga tsamba limodzi. Dzanja linali litatsala pang'ono kufika pamwendo pamene anaima.

"Azakhali, pali pena pamene simukufuna ndikhudze?"

"Pabondo."

"Ndingagwire?"

Azakhali anamuyang'ana ndi diso limodzi. "Gwira."

Anayala tsambalo pa kabokosi kaja, naika chikhatho pamwamba. Dzanja lonse linkafuna kukanikiza, kuzungulira, kuonetsa kanthu. Analiletsa. Pansi pa tsamba anamva kutentha kwa chotupa. Patapita nthawi anamvanso kanthu kena, kakang'ono, kugunda kwa magazi, ndi mnofu umene unali utadzikunga ngati ukuyembekezera kumenyedwanso. Manyazi anamukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Thupi la munthu amene anamulera linkamuopa.

"Ndege yako ndi ya liti?" anafunsa Azakhali.

"Mawa."

"Mwendo uwu suchira mawa."

"Ipite yokha ndegeyo."

"Ukachira ndidzamvanso manja ako. Sindikulonjeza kanthu. Ndipo ufulumire kuphunzira, ine si mtsikana, ngakhale unalengeza dzulo."

Palani anatsegula pakamwa kuti alumbire, kuti anene kuti adzakhala mwezi, chaka, kuti adzamanga chipinda kuseri, kuti adzachotsa zithunzi zonse m'mizinda itatu ija.

"Kamimba," anatero Azakhali. "Tseka."

Anatseka.

"Achimwene, jambulani msanga," ananong'ona Nohea. "Izi ndiye zoti dziko lione."

Iokepa anakweza mawu a TV, pamene ankabwereza masewera a dzulo aja. Wa ndevu uja anali atanyamula wa chigoba kumaso, akumuzunguza m'mwamba, ndipo Azakhali anayamba kumulangiza mokalipa kuti amuponye kunja kwa zingwe. Tsamba litazizira, Nohea anabweretsa lina. Palani anafunsanso ngati angagwire, ndipo anadikira mpaka atayankhidwa. Panja kuwala kofiira kunali kukuchoka pamadzi. Pansi pa chikhatho chake, pang'ono pokha, mnofu uja unayamba kumasuka.